Utsi nawo ndi ndiwo, koma pali amene amaulipira

Lero ndatalikitsanso. Amene bandulo yanu yatsala pang'ono, sungani muwerenge mawa. Nkhani yake ndi ya mchere, nyama ndi utsi.

M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mwayamba kupezeka mchere wina wa m'timabotolo, wofiirira ngati shuga wa bulawuni. Achimwene athu a ku Joni nawonso akamabwera pa Khisimisi akumanyamula, pamodzi ndi timapaketi ta zokometsera nyama ya braai. Mcherewu ndi mchere basi, kungoti anauika pa utsi wa nkhuni kwa maola ambiri mpaka unamwa fungo. Kampani ya Maldon ku England, imene yakhala ikuphika mchere wa m'nyanja kuyambira 1882, imafukiza wake ndi mtengo wa oak. Ukauwaza pa nyama yokazinga m'chiwaya, nyamayo imamveka ngati yachokera pamoto wa nkhuni. Kabotolo kamene ndinakaona ine, ndalama yake ukanagulira nkhuku ya lokolo yamoyo.

Ambiri akuseka, akuti eti azungu afika pogulitsa utsi. Ine sindikuseka nawo. Ndinakulira pakhomo pamene utsi unali ntchito, ndipo ndikudziwa kuti utsi wabwino sunakhalepo waulere. Pali mtengo umene umagwa, pali chifuwa chimene chimaupuma. Nde ngati pali njira yosungira utsi wa moto umodzi n'kumaudya miyezi itatu, tisaiseke, tiiphunzire.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, chakumwera kwa boma, kufupi ndi Chia. Bambo anga anali mlovi, poyamba wa matchera, kenako wa chilimira pa bwato la eni ake. Iwo ntchito yawo inkathera pamchenga. Kuchokera pamchenga kufika kwa wogula inali ntchito ya mayi. Usipa ndi utaka zinkapita pathandala, dzuwa lizichita zake. Koma kampango, mlamba, bombe ndi chambo chachikulu sizimva dzuwa lokha. Nsomba yonona imayamba kuwolera m'kati kunja ikuoneka bwinobwino. Izi mayi ankazing'amba, kuzitsuka, kuzipaka mchere wa mibulu, kenako kuziwamba pa uvuni wa dothi wokhala ndi waya pamwamba.

Pamenepa mvetsetsani. Mchere ndi utsi kwathu sizinabwere kudzakometsa, zinabwera kudzathamangitsa kuwola. Mchere umakoka madzi m'mnofu. Kutentha kumaumitsa. Utsi umasiya kachikopa kofiirira kamene ntchentche ndi nkhungu sizikondwera nako. Popanda zimenezi kampango wophedwa Lolemba sakanafika pamsika wa Kasungu Lachisanu, atadutsa msewu wa m'nkhalango ya Nkhotakota uja mpaka pa Malomo. Kukoma kunali kwa bonasi chabe. Lero dziko lili ndi mafiriji, ndiye likugula bonasi ija payokha.

Mayi anali ndi malamulo a moto, ndipo sankawafotokoza kawiri. Lawi lisakhudze nsomba. Utsi wakuda ndi wa nkhuni yonyowa kapena yoipa, utsi woyera kwambiri ndi wa moto wobanika, utsi wabwino ndi wopyapyala, wonkera ku buluu, woti ukaupuma sukutsamwa. Ndikaika chikuni cholakwika ankangoti, "Iwe, chotsa icho. Ukufuna anthu adye mtengo kapena nsomba?" Mango ankaukonda. Gwafa ankaukonda. Nkhuni ikasowa ankathira zitsononkho. Nkhadze sankalola ngakhale kuti ifike pafupi ndi uvuni, chifukwa utomoni wake ndi poizoni, ukalowa m'maso munthu amalira ngati mwana.

Koma malamulo onsewa sanawateteze iwo eni. Zaka zonse zija ataweramira pa uvuni, usiku, mwera ukukankhira utsi kumaso, zinawasiyira maso ofiira ndi chifuwa chimene chimadzuka chaka chilichonse kukayamba kuzizira. Amayi ambiri a m'madoko a Nkhotakota, Salima ndi Mangochi ali chimodzimodzi. Amene amadya kampango wowamba ku Area 18 sadziwa kuti m'kukoma muja muli mapapo a munthu. Ndiye ndikamva za mauvuni osadya nkhuni zambiri, monga wa Chorkor umene unayambira ku Ghana, kapena Chitofu 3-in-1 chimene chafika m'madoko ena a nyanja yathu, ndimati zikanafulumira.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nsomba zitayamba kuchepa, bambo anandiuza poyera kuti bwato silinditengera kulikonse, ndipite kusukulu. Sukuluyo ndi imene inandiponya kuno ku Kasungu, kudzakhala kalaliki pa esiteti ina ya fodya. Tsopano ndatha zaka ndithu, ndikukhala chapafupi ndi Chinkhoma, pamene pali msika wa fodya.

Munthu wa kunyanja ukafika kuno, choyamba kukudabwitsa ndi thambo. Dziko ndi lathyathyathya, phiri la Kasungu laima lokha ngati mlendo pamaliro, maso amayenda mpaka kutopa osakumana ndi madzi. Chachiwiri ndi chakuti kunonso anthu amakhalira moto ndi kuumitsa, monga kwathu, kungoti iwo amaumitsa tsamba. Ndipo alimi a fodya amadziwa za utsi zinthu zimene owotcha nyama akanayenera kuzimva.

Onani. Fodya wa bale amauma ndi mphepo m'chigafa, moto sufunika. Fodya wa fuluu amafuna kutentha koma amadana ndi utsi: moto umayaka kunja kwa balani, kutentha kumayenda m'mapaipi, utsi n'kutulukira kumwamba osakhudza tsamba, chifukwa ukakhudza, mtundu wachikasu uja wapita ndipo mtengo pa okushoni wagwa. Fodya wa chikopa ndiye amafuna utsi weniweni, moto wofuka pansi pa masamba masiku angapo mpaka ade. Mitundu itatu, nzeru imodzi: kutentha ndi china, utsi ndi china, ndipo mlimi amasankha kuti chilowe n'chiti. Palibe mlimi wa chikopa amene angaponye jumbo pamoto wa fodya wake. Koma munthu yemweyo akagulitsa mabelo ake, amakadya nyama yowotchedwa pamoto woyatsira jumbo, osafunsa.

Nyengo ya msika, kuyambira cha mu Epulo mpaka kuzizira kwa Juni ndi Julaye, malo ngati Chinkhoma, Santhe, Chamama, Chatoloma ndi Nkhamenya amasanduka. Mbuzi zimakolekedwa m'mawa. Nkhumba ili mbali yake. Ziwaya zikulira, mawaya a kanyenya akufuka, mawayilesi akupikisana. Ndipo pakati pa ogula pali matenanti, anthu ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga, amene chaka chonse adyera nsima ndi bonya wa ngongole, masamba a maungu ndi mchere wowerengeredwa m'buku la bwana. Ine ndi amene ndinkalemba bukulo, ndiye ndikudziwa chimene chimatsala akachotsa zonse. Munthu wotereyu akaima pa waya n'kunena kuti "ya faifi handiredi", imeneyo mwina ndi nyama yake yoyamba chichokereni Khisimisi. Kumupatsa nyama yonunkha palafini ndi kumubera kachiwiri.

Pali mdala wina amene wakhala akuwotcha mbuzi pamalo ena kuno kuyambira kale fodya wa bale asanaloledwe kwa alimi ang'onoang'ono. Dzina ndilisunga. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Madala, bwanji nyama ya anyamata awa ikumawawa kukhosi pamene yanu ayi, mbuzi ndi zomwezi?"

Anati, "Mwana wanga, mbuzi ndi zomwezi koma mitengo si yomweyi. Kale ndinkatuma mwana kuseri kuno, abwera ndi muwanga, msuku, mtondo. Lero uone wekha. Kuchoka pano mpaka ku Bua uona chiyani? Bulugamu ndi ziputu. Makala akuchokera kutali, mtengo wake ngati mankhwala. Ndiye anyamata akuyatsira chilichonse."

Sananame. Mabalani a fuluu, zigafa zomangidwa chaka ndi chaka, mikangala, minda yatsopano, njerwa, makala a m'tauni, zonsezi zadya mitengo yachilengedwe ya m'chigwa chino. Nkhalango yeniyeni yatsala ku Kasungu National Park, ku Chimaliro ndi kumanda. Kumeneko musapiteko ndi nkhwangwa, mudzatha ndinu. Kunyanja nakonso n'chimodzimodzi, owamba nsomba akugula nkhuni za pa njinga zochokera kumapiri. Utsi wabwino ukusowa, ndipo chinthu chikasowa ndi pamene chimalowa m'botolo.

Mdala uja ndi ine tinayamba kufukiza mchere wathu. Iwo anabweretsa diramu, ine ndinabweretsa malamulo a mayi. Njira yake nayi, aliyense angathe.

Tengani mchere wa mibulu, osati wosalala uja. Wa mibulu suundana. Uwazeni timadzi pang'ono ndi zala, ungochita chinyezi, chifukwa utsi umamatirira bwino pa chonyowa. Uyaleni mopyapyala pa sefa wa waya wosapakidwa penti, kapena pa thireyi yachitsulo yoyera. Pansi pa diramu kapena uvuni ikani makala ochepa oyaka kale, pamwamba pake zitsononkho zouma kapena tizidutswa ta mango kapena gwafa, ta nthambi zothenedwa, simukufunika kugwetsa mtengo. Mchere ukhale patali ndi moto, ngati mkono wonse. Vundikirani koma siyani kampata koti utsi uziyenda, chifukwa utsi wotsekeredwa umawawa. Muzitakasa pakapita kanthawi. Kuyambira m'mawa kufika masana mchere uja ukhala utasintha, wayamba kufiirira. Mukafuna wamphamvu, bwerezani mawa lake. Ukazizira, ikani m'botolo louma lotseka bwino. Botolo la jamu limakwana.

Kunyanja n'kosavuta kuposa apa. Amene mukuwamba nsomba kale, moto mwayatsa kale, nkhuni mwagula kale. Ikani thireyi ya mchere pamwamba pa zonse, pomwe mafuta a nsomba sangadonthere. Dziwani kuti utenga kafungo ka nsomba, ndiye umenewo ndi wa m'nyemba, m'masamba otendera ndi pa chambo chowotcha. Wa nyama ufukizeni paokha.

Tsopano zoletsedwa, ndipo apa a ku Kasungu tcherani khutu. Mitengo ya fodya yotsala m'munda musawotchere nyama kapena mchere, muli chikonga. Musaike mchere m'balani kapena m'chigafa poti "utsi ndi womwewo", fodya amapoperedwa mankhwala. Chiguduli chimene chinakulunga fodya musavundikire nacho chakudya. Matumba a feteleza, majumbo, mabotolo a pulasitiki, zidutswa za matayala, izi si zoyatsira moto wa chakudya. Mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe, matabwa a penti, ayi. Diramu imene munali mankhwala a mbewu kapena oyilo, isiyeni, ngakhale mwaitsuka kangati. Paini ali ndi utomoni, amadetsa ndi mwaye. Bulugamu amayaka bwino koma fungo lake limalowa m'nyama ngati mankhwala a chimfine, ndiye ngati mulibe china, dikirani asanduke makala kaye. Nkhadze ndanena kale.

Nanga pa nyama ugwira bwanji? Apa ndi pamene ambiri amaononga chuma. Mchere wa utsi si wonyikira nyama usiku wonse, fungo lake lithawira pamoto. Ntchito yolowa m'kati ndi ya mchere wamba. Ngati muli ndi nthawi, thirani mchere wamba ola lathunthu musanawotche, kapena kuposa apo ngati pali pozizira posungira. Poyamba nyama imatuluka madzi, kenako imawamwanso pamodzi ndi mchere. Ngati mulibe nthawi, thirani pompo mukuika pa waya. Choipa ndi chapakatikati, kuthira n'kudikira mphindi khumi, nyama ikadali yonyowa kunja, ndiye m'malo mopsa imangobwata.

Mbuzi yokalamba ikulungeni m'masamba a papaya opondaponda kwa kanthawi, imafewa, koma musagoneke nayo, isanduka phala. Adyo, jinja ndi madzi a ndimu zimagwirizana ndi mbuzi komanso nkhuku ya lokolo. Adyo amapserera msanga n'kuwawa, ndiye pukutani zidutswa zake musanaike pamoto waukali. Tsabola wa kambuzi, amene fungo lake limadziwika munthu asanalowe m'nyumba, ndi wa kumapeto. Amene mumakonda Nali, nayenso ndi wa pambale. Timapaketi ta ku Joni tija werengani kaye, tambiri mchere ndi shuga ndiye zodzaza, ndipo shuga pamoto amada nyama isanapse. Mukathira timeneto, chepetsani mchere wina.

Moto ukhale wa makala ovala phulusa loyera, osati wa malawi. Mafuta akadontha n'kubutsa lawi, sunthani nyama, chifukwa utsi wa mafuta opserera ndi umene uli woipa kwambiri m'thupi, ndipo chakuda chimene chimamata panyama si kukoma. Nkhumba ipse mpaka m'kati, kusaoneke kofiira, muli njoka za m'mimba zimene zimafa ndi moto. Ndipo kwathu ku Nkhotakota tinakula ndi abale achisilamu khomo ndi khomo, tinaphunzira kuti waya wa nkhumba ndi wa nkhumba, mpeni wakenso ndi wake. Kuno kumtunda owotcha ena amaiwala, n'kutaya makasitomala osadziwa chifukwa chake.

Nyama ikapsa, ichotseni, ipume pang'ono, muidule. Apo ndiye tsinani mchere wa utsi ndi zala ziwiri, muwaze pomwe mpeni wadutsa. Mdala uja amasinja wake pamodzi ndi kambuzi wouma n'kuika kamulu pakona ya pepala, munthu azitosa yekha. Makala ake ndi ochepa kuposa kale, chifukwa safunikanso kuponyapo zikuni kuti nyama imve utsi. Zitsononkho za tsiku limodzi zimamupatsa mchere wa masabata. Amayi a kunyumba nawonso aupezera ntchito: nyemba za pa mbaula ya magetsi, kapena soya pisi, zikalawa kamchere aka zimakumbutsa kumudzi.

Machenjezo awiri, poti sindikufuna mawa wina adzati mwana wa mlovi anatipweteketsa. Loyamba, mchere wa m'paketi umathiridwa ayodini, amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana ali m'mimba. Kutentha ndi chinyezi zimachepetsa ayodini. Choncho mchere wa utsi usalowe m'malo mwa mchere wa ndiwo za tsiku ndi tsiku, makamaka pakhomo pamene pali ana ndi amayi oyembekezera. Ndi wa pamwamba chabe. Lachiwiri, mchere ndi mchere, kaya wafuka kaya sunafuke. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuphatikiza wa m'ndiwo, m'buledi ndi pa tchipisi. Amene muli ndi BP mukudziwa kale zimene a chipatala anakuuzani. Ubwino wake ndi woti mchere wonunkhira umamveka ngakhale uli wochepa.

Amene mungakwanitse kugula wa m'sitolo, werengani kabotolo. Wina anafukizadi pa nkhuni, wina anangouthira madzi a utsi opangidwa kufakitale. Mu 2024 mayiko a European Union anagwirizana zosiya kuloleza mitundu 8 ya zokometsera za utsi zoterezi, akatswiri awo atalephera kutsimikiza kuti siziononga maselo a m'thupi. Ngakhale utsi wa nkhuni weniweni, ukachuluka, si mnzathu. N'chifukwa chake ndikuti pang'ono, pamwamba, kumapeto.

Musaganize kuti kukometsa ndi moto n'kwachilendo kwa ife. Agogo athu ankawotcha zitsononkho, makoko a nthochi kapena masangwi a mtedza, n'kusungunula phulusa lake kukhala chidulo cha m'thelele. Ku Chikwawa ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa anthu ankatcheza dothi la mchere n'kuphika madzi ake mpaka mchere utsale m'phale. Nyama ya kuuzimba inkafutsidwa pamwamba pa moto wa m'khitchini kuti ifike mwezi wa mawa. Nzeru inalipo. Chimene chinalipo kale koma lero chikutha ndi mtengo.

Ndiye pempho langa lili kwa anthu atatu. Achimwene owotcha nyama, tayani jumbo, yatsirani ndi udzu kapena makoko a chimanga, ndipo zitsononkho zimene alimi akungozitentha m'minda pokolola pitani mukazitole. Amayi a m'madoko, mchere wa pa uvuni wanu ndi malonda, kabotolo koyera ndi chivundikiro chabwino basi, ogula nsomba omwewo adzaufunsa. Ndipo ife akudya, tikaima pa waya tizifunsa kuti motowu mwayatsira chiyani. Wowotcha akafunsidwa katatu pa tsiku, mawa asintha.

Mvula ikagwa chaka chino, amene muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba dzalani mango kapena gwafa umodzi. Zipatso adya ana, nthambi zothena zikhala za mchere. Ine ndadzala iwiri pa lendi pomwe ndikukhala pano, alandilodi anadabwa koma sanakane.

A kunyanja mundiperekere moni kudoko, muwauze amayi kuti mwera wayamba, asamakhale mbali imene utsi ukulowera. Tumizani kwa wowotcha nyama amene mumamudziwa.